Kodi Baji ya Pachifuŵa Imatsegula Khomo la Yunivesite?

Chaka cha sukulu chikangoyamba, m'masukulu a sekondale a m'boma lathu lino la Mulanje mumakhala kalikiliki wolembetsa maina m'magulu. Ena amaloŵa YCS, ena SCOM, ena gulu losamala zachilengedwe, ena la zisudzo kapena la mtsutso. Nyengo yake ikakwana aphunzitsi amasankhanso atsogoleri a ophunzira, aja timawatcha mapulifekiti, nawapatsa baji yomata pachifuŵa. Mwana akabwera nayo kunyumba baji imeneyi ife makolo timanyadira, ndipo nkoyenera kutero. Koma pakati pa kunyadirako pamabuka funso limene timafunsana potuluka m'tchalitchi, pamsika wa Chitakale, ngakhale pobwerera kumaliro: kodi zimenezi zidzamthandiza mwanayu kuti asankhidwe kupita ku yunivesite?

Pa funso limeneli ife makolo tagaŵikana paŵiri. Alipo amene amakhulupirira kuti akuluakulu osankha ana aja amayang'ana mbiri yonse ya mwana, ndipo akaona kuti anali wapampando wa gulu lakutilakuti, kapena mtsogoleri wa atsikana onse pasukulu, amamkomera mtima ngakhale mayeso sanakhoze bwino kwenikweni. Aliponso amene amati zonsezi nzotaya nazo nthaŵi, kotero mwana akangofika Folomu 3 amamlamula kuti atuluke m'gulu lililonse, atsale ndi mabuku okha. Magulu aŵiri onseŵa a makolo amafunira ana awo zabwino. Komabe tikuona kuti onse aŵiri agwira njovu mbali imodzi, ndipo amene amavutika ndi kusamvetsa kwathuku ndi ana omwewo.

Chikhulupiriro choyambacho sichinamere pachabe. Chinachokera kunja, makamaka ku America, ndipo chimatifika kudzera m'mafilimu, pa intaneti ndiponso m'nkhani za abale athu amene ana awo akuphunzira kumeneko. Kumeneko kuli bungwe lotchedwa National Honor Society, limene linayambitsidwa mu 1921 ndi bungwe la akuluakulu a masukulu a sekondale a dzikolo. Kuti wophunzira aloŵemo ayenera kukhala wokhoza bwino m'kalasi, komanso aphunzitsi ayenera kumchitira umboni pa zinthu zitatu zina: kutumikira anzake, utsogoleri ndi khalidwe. Tsono mayunivesite ambiri a ku America posankha ophunzira sayang'ana zotsatira za mayeso zokha. Amaŵerenga nkhani imene mwana walemba yofotokoza za moyo wake, makalata a aphunzitsi ake, ndi mndandanda wa zimene ankachita akaŵeruka. M'dongosolo lotere umembala wa bungwe lija uli ndi malo ake olembapo. Koma ngakhale komweko alangizi a zamaphunziro amachenjeza kuti dzina la bungwelo palokha sililemera kwenikweni, pakuti mamembala ake amapitirira miliyoni imodzi, ndipo mwa ofunsira malo pa yunivesite yotchuka ambiri amakhala kuti analoŵamo. Chinthu chimene aliyense ali nacho sichingasiyanitse wina ndi mnzake. Osankha aja amafuna kudziŵa chimene mwanayo anachita ali m'bungwemo.

Kwathu kuno zinthu sizili choncho konse, ndipo nkofunika kuti kholo lililonse lidziŵe m'mene khomo la yunivesite ya boma limatsegukira. Masiku ano tili ndi mayunivesite a boma asanu ndi imodzi: University of Malawi ku Zomba, MUBAS ku Blantyre, KUHeS yophunzitsa za udokotala ndi unamwino, LUANAR ya zaulimi ku Lilongwe, Mzuzu University kumpoto, ndi MUST imene ili kwa anansi athu ku Thyolo. Ntchito yolandira mafomu a ofuna malo m'mayunivesite ameneŵa imayendetsedwa pamodzi kudzera ku bungwe la National Council for Higher Education, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2011. Chimene bungweli ndi mayunivesitewo amayang'ana ndi zotsatira za mayeso a MSCE. Phunziro lililonse limapatsidwa nambala kuyambira 1 kufikira 9, ndipo nambala ikachepa ndiye kuti mwana wakhoza kwambiri: 1 ndi 2 ndiko kupambana kwapadera, 3 kufikira 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungokhoza chabe, 9 ndi kulephera. Amatenga maphunziro asanu ndi limodzi amene mwana wakhoza bwino koposa naphatikiza manambala ake, kotero wopambana kotheratu amakhala ndi mapointi 6. Kuti mwana aloledwe ngakhale kungopikisana nawo, ayenera kukhala ndi makirediti asanu ndi limodzi, ndipo limodzi mwa iwo liyenera kukhala la Chingerezi. Pamwamba pa izi, nthambi iliyonse ya maphunziro ili ndi zofuna zake: wofuna udokotala amamuyang'ana pa sayansi, wofuna uinjiniya pa masamu ndi fizikisi, motero motero.

Pa zonsezi palibe paliponse pamene pamaŵerengedwa baji. Udindo wa upulifekiti suchotsa pointi ngakhale imodzi. Tiyerekeze atsikana aŵiri a kalasi limodzi amene akufuna nthambi imodzimodzi: wina anali mtsogoleri wa sukulu yonse, wokondedwa ndi aphunzitsi, napeza mapointi 20, mnzake sanadziŵike ndi aliyense, ankangokhala phee pakona, napeza mapointi 12 ndipo wakhoza bwino maphunziro ofunika pa nthambiyo. Malo akakhala amodzi adzapita kwa wapakona uja, ndipo osankhawo sadzadziŵa nkomwe kuti winayo anavalapo baji.

Sizinayambe lero. Yunivesite ya Malaŵi inatsegula zitseko zake mu 1965 ndi ophunzira 90 okha, ndipo kuyambira pamenepo njira zosankhira zasinthasintha. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 boma linayamba kugaŵa malo potsata maboma ochokera ana, njira imene anthu ankaitcha kota. Bwalo lalikulu la milandu linaikana mu 1993, inabwereranso m'nthaŵi ya ulamuliro wa Bingu wa Mutharika, ndipo boma linalengeza kuti yathetsedwa mu 2020. Panalinso zaka zambiri pamene ana okhoza MSCE ankalembanso mayeso apadera oloŵera ku yunivesite, amene tsopano analekeka. Anthu akangana kwambiri pa zosinthazi, m'nyuzipepala ndi m'mabwalo a milandu. Koma mkangano wonsewo unali wa mapointi ndi wa kumene mwana akuchokera. Sitinamvepo kuti umembala wa gulu la pasukulu unaikidwa pasikelo.

Tsono ku funso lija yankho lake lachindunji nlakuti ai, ndipo tiyenera kuwauza ana athu mosapsatira akadali Folomu 1. Kuwabisira nkuwalakwira. Mnyamata amene wapatsidwa udindo woyang'anira chipinda chodyera amadzuka anzake akadali m'tulo, amakangana ndi olanda mzere, amaitanidwa ku ofesi pamene anzake ali pa pulepu, ndipo akatopa amadzitonthoza kuti zonsezi zikulembedwa penapake ndipo zidzamuyankhulira tsiku lina. Zotsatira zikatuluka napeza kuti palibe chinamuyankhulira, kuŵaŵa kwake kumakhala kwa munthu wonamizidwa. Nthaŵi zambiri palibe amene anamunamiza mwadala. Ife akuluakulu tinangokhala chete, popeza nafenso sitinafunse.

Mwina ena adzadandaula kuti njira yathuyi njouma mtima, yoyesa munthu ndi manambala okha. Dandaulo limeneli lili ndi nzeru zake, pakuti mayeso a masabata oŵerengeka sangathe kuyeza zonse zimene zili mwa mwana. Koma ife a ku Mulanje tiyambe taganiza kaŵiri tisanapemphe kuti zisinthe. Taonani kusiyana kwa ana athu. Mtsikana wa pasukulu yogonera pompo monga Providence ku Chisitu, kapena mwana wa pa Mulanje Secondary School, akaŵeruka amakhala pomwepo pasukulu. Gulu lake limakumana madzulo, lili ndi mphunzitsi woliyang'anira, mwina limapita kumipikisano ndi masukulu ena. Mnzake wa pasukulu yoyendera ya m'mudzi, kaya ndi chakumalire ku Muloza kaya kuseri kwa phiri, belu likalira amayamba ulendo wa pansi wobwerera kwawo, kumene akumdikira mtondo, chitsime ndi ana aang'ono, pakuti mai ake ali kothyola tiyi kuesiteti. Ameneyu ngakhale atafuna, gulu adzaliloŵa nthaŵi yanji? Tsiku limene mayunivesite adzayambe kuŵerenga mabaji ndi masatifiketi a magulu, oyamba kupindula adzakhala ana amene ali kale pabwino. Ndiponso kalata ya mphunzitsi wamkulu ikadzasanduka kiyi wa yunivesite, tidzakhala taika aphunzitsi athu m'mayesero aakulu, pakuti sipadzasoŵa kholo lobwera ndi nkhuku kukhwapa. Manambala ngouma ndithu, koma sadziŵa mwana wa bwana wa paesiteti kapena wa mlonda wake.

Apa makolo a mbali yachiŵiri aja angaombe m'manja kuti tagwirizana nawo. Asafulumire. Tanena kuti osankha saŵerenga baji, koma sitinanene kuti magulu alibe chochita ndi mapointi amene osankhawo amaŵerenga.

Tiyambe ndi Chingerezi, chimene ndicho chipata chopapatiza koposa. Mwana angathe kupeza 1 pa masamu ndi 2 pa sayansi, koma akapeza 7 pa Chingerezi khomo la yunivesite ya boma limakhala lotseka chaka chimenecho. Ana athu a kuno amakula akuyankhula Chicheŵa, ena akumvanso Chilomwe kwa agogo awo, ndipo Chingerezi amakumana nacho m'kalasi mokha, m'kalasi mwa ana ochuluka mmene mphunzitsi sangathe kumva mau a aliyense. Mwana wotere angathe kumaliza sabata lathunthu osatulutsa chiganizo chimodzi chathunthu cha Chingerezi m'kamwa mwake. Nanga chinenero chimaloŵa bwanji mwa munthu amene sachiyankhula? M'gulu la mtsutso mwana amakakamizika kuima pamaso pa anzake, kukonza mfundo zake mwadongosolo, kumva mfundo ya wotsutsana naye ndi kuiyankha pomwepo. Luso lomweli ndilo limafunika polemba chimangirizo pamayeso. M'gulu la zisudzo amaloŵeza mizere yambiri, naibwereza kufikira mau achilendo aja atakhala ake. Aphunzitsi a Chingerezi a m'dziko muno anazindikira zimenezi kalekale, nchifukwa chake bungwe lawo la ATEM linakhazikitsa mpikisano wa zisudzo wa masukulu a sekondale. Mumpikisano umenewu ndimo munatulukira Du Chisiza Jr., amene seŵero lake linapambana mu 1982 ali wophunzira pa HHI ku Blantyre, ndipo pambuyo pake anayambitsa gulu la Wakhumbata. Sikuti mwana aliyense woloŵa zisudzo adzakhala Du Chisiza. Koma kholo limene likutulutsa mwana wamanyazi m'gulu la mtsutso kuti akhale yekha m'nyumba ndi buku la galamala lidziŵe kuti mwina likumchotsa pamalo okhawo pamene Chingerezi chake chikanakula.

Chimodzimodzinso gulu la sayansi kapena la masamu pasukulu imene ilibe labotale yokwanira. Pamene buku lili limodzi ndipo ofuna kuliŵerenga ndi khumi, gulu ndilo limasandutsa bukulo kukhala la onse. Wofotokozera mnzake mfundo ya kemisitiri amaigwira kaŵiri. Mutu umodzi susenza denga.

Za YCS, imene ambiri mwa ana a m'maparishi athu amaloŵa, tinenepo pang'ono. Njira yake inachokera kwa wansembe wa ku Belgium, Joseph Cardijn, amene anaphunzitsa achinyamata masitepe atatu: kuona bwinobwino chimene chikuchitika, kuchilingalira, kenaka kuchitapo kanthu. Gulu la YCS likamayenda moyenera silikhala la nyimbo ndi maulendo okha. Limazoloŵetsa mwana kufunsa kuti, chikuchitika nchiyani pakati pathu, ndipo chifukwa chake nchiyani? Mwana wozoloŵera kufunsa motere sachedwa kudzifunsanso za maphunziro ake. Koma tisabise kuti si nthambi zonse zimayenda motero. Zilipo zimene chaka chonse zimangokonzekera ulendo wokacheza kusukulu ina, ndipo makolo odandaula nazo sakulakwa.

Palinso phindu lina limene kaŵirikaŵiri sitiliŵerengera, ndilo la nkhani. Ana ambiri okhoza bwino amapunthwa chifukwa chosadziŵa zinthu zimene palibe buku la m'kalasi limaziphunzitsa. Pofika Folomu 3 mwana amasankha maphunziro oti apitirize, ndipo amene wasiya fizikisi kapena kemisitiri chifukwa choopa mphunzitsi, kapena chifukwa mnzake wapamtima wasiya, wadzitsekera yekha nthambi zambiri za ku MUST, ku MUBAS ndi ku KUHeS zaka ziŵiri mayeso asanafike. Pambuyo pa mayeso palinso fomu yofunsira malo, pamene mwana amandandalika nthambi zimene akufuna motsatana. Wina amadzaza mizere yonse ndi nthambi zolimbirana kwambiri monga udokotala, osasiya mpata wa nthambi imene mapointi ake akanaifikira, natsala kunja pamene anzake a mapointi ochulukirapo aloŵa. Mwana wa mphunzitsi kapena wa kalaliki wa paboma amamva zoterezi pakhomo. Mwana wa mlimi wa nanazi amazimva kwa yani? Kaŵirikaŵiri amazimva kwa mkulu wake wa m'gulu amene anatsogola, amene pa tchuthi amabwera kudzacheza ndi otsala, kapena kwa mphunzitsi woyang'anira gulu amene anamzoloŵera nkutha kumfunsa mopanda mantha. Safunsa anadya phula, koma kuti munthu afunse ayenera kukhala ndi womfunsa.

Tsono tiyenera kukumbukiranso kuti yunivesite ya boma si khomo lokhalo. Makoleji a unamwino a mishoni, monga ya pa Mulanje Mission pano, ya Holy Family ku Phalombe ndi ya St Joseph ku Nguludi, nawonso amafuna makirediti oyenera, koma m'masukulu otere si chachilendo kuitana ofunsira malo kuti akaonekere pamaso ndi kuyankha mafunso. Pamenepo mtsikana amene anazoloŵera kutsogolera msonkhano, kulemba zokambirana za gulu ndi kuyankhula ndi akuluakulu mosanjenjemera amaoneka msanga. Ku Nguludi komweko kuli Catholic University of Malawi, imene inatsegulidwa mu 2006, ndipo mayunivesite ena oima paokha aliponso ambiri. Ameneŵa amalandira mafomu awo paokha, koma maziko ake ndi MSCE yomweyo. Kalata ya umboni ya mphunzitsi wamkulu, imene pa kusankha kwa boma ilibe mphamvu, imadzagwira ntchito pofunsira ntchito kapena chithandizo cha fizi ku mabungwe.

Pamene mbiri ya utsogoleri imalemeradi ndi pa mwai wa maphunziro a kunja. African Leadership Academy ya ku Johannesburg, imene inalandira ophunzira ake oyamba mu 2008, masukulu a United World Colleges monga Waterford Kamhlaba ku Eswatini, ndi chithandizo cha Mastercard Foundation m'mayunivesite osiyanasiyana, onseŵa amafunsa mwana kuti afotokoze chimene wachitira anthu a kwawo. Mipata imeneyi njochepa kwambiri, ndipo kholo lisamange chiyembekezo chonse pa iyo. Koma nkopindulitsa kuona mtundu wa mwana amene imamfuna. Chitsanzo chodziŵika koposa m'dziko muno ndi William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu. Iye analeka sukulu ya sekondale chifukwa chosoŵa fizi pambuyo pa njala ya 2001 ndi 2002. Analibe baji iliyonse, pakuti analibe ngakhale sukulu yoti imupatse. Anabwereka buku pa laibulale yaing'ono, natola zitsulo zotayidwa, mbali za njinga ndi mitengo ya bulugamu, namanga makina oyendera mphepo amene anayatsa magetsi pakhomo pa makolo ake. Mu 2007 anakayankhula pamsonkhano waukulu ku Arusha, chaka chotsatira analoŵa African Leadership Academy, ndipo mu 2014 anamaliza maphunziro ake pa Dartmouth College ku America. Amene anamtsegulira zitseko anaona chinthu choimirira chimene munthu angathe kuchiloza ndi chala.

Zinthu zotere kuno ku Mulanje sizisoŵa. Mkungudza wa paphiri pathu, umene mwachilengedwe sumera kwina kulikonse padziko lapansi ndipo unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko lathu mu 1984, wadulidwa mpaka mitengo ikuluikulu yatsala pang'ono kutheratu, ndipo a Mulanje Mountain Conservation Trust pamodzi ndi a zankhalango akhala akulimbikitsa midzi yozungulira phirili kufesa mbande zake. Gulu la zachilengedwe la pasukulu limene lasamala nazale kwa zaka zitatu, lodziŵa kuti linafesa zingati, zinamera zingati, zinafa zingati ndipo chifukwa chiyani, lili ndi nkhani yoti linganene pamaso pa aliyense, ndipo mwana wa m'gulu limenelo waphunziramo bayoloje ndi agirikacha ndi manja ake. Gulu lina la dzina lomwelo limene linangosankha wapampando, mlembi ndi msungichuma nkusoketsa malaya ofanana lilibe chonena. Pamene namondwe wa Freddy anagwetsa mapiri ndi kukokolola midzi m'mwezi wa March 2023, masukulu ambiri kuno ndi ku Phalombe anasanduka misasa ya anthu othaŵa madzi. Achinyamata amene anatunga madzi, kusesa ndi kusamala ana m'misasa imeneyo sanachite zimenezo kuti adzalembe pafomu. Koma ngati wina mwa iwo adzafunsidwe tsiku lina kuti utsogoleri nchiyani, sadzasoŵa poyambira.

Nchifukwa chake sitigwirizana ndi mwambo umene ukufala wosonkhanitsa masatifiketi, mwana kulembetsa m'magulu asanu kuti pomaliza sukulu adzalandire mapepala asanu. Kwa osankha a boma mapepalawo alibe ntchito. Kwa osankha a kunja mafunso aŵiri okha amakwanira kuulula kuti kuseri kwa pepala kulibe kanthu. Ndipo kwa mwana mwiniwake magulu asanu ndi madzulo asanu pasabata amene achoka pa kuŵerenga. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ife tikuona kuti gulu limodzi nlokwanira, aŵiri akachuluka, ndipo posankha kholo likhale pansi ndi mwana nkuyang'ana pamene iye ali wofooka kapena pamene mtima wake uli. Wofooka pa Chingerezi apite ku mtsutso ngakhale akuopa. Wokonda zomera apite ku nazale. Funso loti timfunse mwana pa tchuthi lisakhale lakuti uli ndi udindo wanji, koma lakuti gulu lanu lachita chiyani teremu imeneyi, ndipo iwe unagwirapo chiyani.

Za ana aakazi tiwonjezepo mau. M'mabanja ambiri mnyamata akachedwa kusukulu chifukwa cha gulu palibe amafunsa, koma mtsikana akachedwa amapeza mbale zikumdikira ndi mau okaikira pamwamba pake. Nkhaŵa ya makolo pa mwana wamkazi woyenda madzulo njomveka, makamaka m'miyezi ya dzinja pamene mitsinje yotsika m'phiri imadzaza mosayembekezeka ndipo njira zodutsa m'minda ya tiyi zimakhala zopanda anthu. Koma yankho lake si kumtsekera mtsikana yekha. Makomiti a makolo ndi aphunzitsi angathe kupempha kuti m'masukulu oyendera magulu azikumana tsiku limodzi lodziŵika, dzuŵa likadali pamwamba, kuti ana a mudzi umodzi azibwerera limodzi. Ndipo pakhomo, tsiku limenelo mchimwene wake angathe kutunga madzi. Mkono wake suthyoka.

Chotsala ndi udindo wa upulifekiti, umene ndiwo umadya nthaŵi koposa magulu onse. Sitikunena kuti mwana aukane. Sukulu yopanda atsogoleri a ophunzira siingayende, ndipo mwana amene waphunzira kuŵeruza mlandu wa anzake mosakondera waphunzira chinthu chimene adzachifuna moyo wake wonse, kaya adzafika ku yunivesite kaya ai. Koma udindowu uli ndi mtengo wake, ndipo mtengowo umalipidwa ndi maola a Folomu 4. Masukulu ambiri ali kale ndi chizoloŵezi chosankha atsogoleri atsopano mwa a Folomu 3 nthaŵi ya mayeso isanayandikire, kuti olemba mayeso apume. Pamene chizoloŵezi chimenechi palibe, kapena pamene kusinthanaku kumachedwa mpaka mayeso oyeserera atadutsa, makolo a ana ovala baji ali ndi ufulu wonse wokadzutsa nkhaniyi pamsonkhano wa makolo ndi aphunzitsi wa teremu yoyamba, ndi kupempha kuti tsiku lotula udindo lilembedwe pa kalendala ya sukulu chaka chisanapite patali.